Kangaude wofiira

Alimi akamati “kangaude wofiira” sanena kangaude wa pa denga uja amagwira ntchentche. Amanena kachilombo kosafika ngakhale milimita imodzi, kamene kamakhala kunsi kwa tsamba n'kumayamwa madzi ake. Dzinali n'loyenera ndithu: kakakula kamakhala ndi miyendo isanu ndi itatu, ndipo kamaluka ulusi wosalala pakati pa masamba. Mawu oti “wofiira” okha ndi amene amasokeretsa. Mtundu wovutitsa tomato umafiiradi, koma Tetranychus urticae, wokonda chamba cholimidwa m'nyumba, nthawi zambiri umaoneka wachikasu kapena wobiriwira, wokhala ndi madontho awiri akuda pamsana. Woyembekezera kuona zofiira amadzazindikira mochedwa.

Chiyambireni lamulo la 2020 lolola alimi a ziphaso ku Malawi kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, dzinali lalowanso m'nyumba zolimiramo. Mmenemo mvula sigwa, kumatentha komanso kumauma, choncho dzira limasanduka kachilombo koikira mazira ena pasanathe masabata awiri.

Chizindikiro choyamba ndi timadontho toyera pamwamba pa tsamba. Ulusi ukaoneka, ndiye kuti tizilomboti tachuluka kale. Mlimi atembenuze masamba kawirikawiri, athothole ogwidwa, atsuke kunsi kwa otsala ndi madzi, ndipo mbande zobwera azisunge padera kaye. Mafuta a nimu amathandiza maluwa asanatuluke. Alimi ena amaweta Phytoseiulus persimilis, kachilombo kodya kangaudeyu. Kupopera mankhwala amodzimodzi mobwerezabwereza kumangomuzoloweretsa, n'kupha adani ake achilengedwe.