Wosewera Akakula, Atolankhani Amati Chiyani?

Mpira wamiyendo ndi ntchito imene munthu amakalamba nayo msanga. Mphunzitsi wa zaka 35 timamutcha wachinyamata, koma wosewera wa zaka zomwezo anthu a pa Chinseu ku Ndirande amayamba kumutcha madala. Ine ndakhala ndikutsatira mpira wa mu Blantyre kwa zaka zambiri, pa wayilesi, m'nyuzi ndi pa bwalo la Kamuzu, ndipo ndaona kuti kalembedwe ka nkhani ya wosewera amene akusiya mpira kasintha kwambiri. Chimene sichinasinthe n'chakuti funso lofunika kuposa onse silifunsidwa kawirikawiri.

M'nthawi ya chipani chimodzi wayilesi idali imodzi yokha, ya MBC, ndipo nyuzi zodziwika zidali Daily Times ndi Malawi News. Wosewera akasiya, panalibe mtsutso. Dzina lake linkangoleka kumveka pa ndandanda wa osewera Loweruka masana, ife a ku Bangwe ndi ku Chilomoni n'kumafunsana tokha kuti kodi uje adapita kuti. Chitsanzo chachikulu ndi Kinnah Phiri wa Bata Bullets, amene adamwetsa zigoli 71 m'masewero 117 a timu ya dziko lino, ndipo adali m'gulu limene lidatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 ndi 1979. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 adakanizidwa kukasewera ku United Arab Emirates, ndipo kenaka adapita ku Swaziland, dziko limene lero ndi Eswatini, kukalowa timu ya Manzini Wanderers. Nkhani yotere lero ingatenge sabata yathunthu pa mawayilesi. Nthawi imeneyo tinkaimva monong'onezana, chifukwa mtolankhani wofufuza kwambiri ankadziputira mavuto.

Komabe kusiya mpira masiku amenewo sikudali kugwera m'dzenje. Matimu ambiri adali ndi makampani kumbuyo kwawo: Bata, ADMARC Tigers, MDC United, komanso Silver Strikers ya Reserve Bank. Osewera ambiri adali antchito a makampaniwo, moti miyendo ikatopa ankabwerera ku ofesi kapena ku fakitale. Mwina n'chifukwa chake atolankhani a nthawiyo sadazolowere kufunsa za moyo wa wosewera akasiya.

Zinthu zidatembenuka ndi referendamu ya 1993. Chaka chomwecho idabadwa nyuzi ya The Nation, mu 1999 Television Malawi idayamba kuonetsa, ndipo mu 2005 idabwera wayilesi ya Zodiak. Mapologalamu oimba foni adapatsa wochemerera aliyense mwayi woweruza. Tsoka ilo, ufulu wolankhulawu udafika nthawi imene makampani a boma ankagulitsidwa kapena kutsekedwa, ndipo ena ankaleka kuthandiza matimu. MDC United idatha. Wosewera wa timu ya anthu wamba, monga Maule ndi Manoma, adatsala ndi miyendo yake yokha, pamene anzake a Red Lions, Moyale ndi Blue Eagles ankadziwa kuti akasiya akapitiriza usilikali kapena upolisi.

M'nyengo imeneyi ndi mmene adatchukira Fischer Kondowe. Iyeyu adali m'timu ya Bakili Bullets imene mu 2004 idafika m'magulu a CAF Champions League, mphunzitsi wake ali Kinnah Phiri yemwe uja. Adakasewera ku South Africa, n'kubwerera ku Bullets, ndipo adapitiriza mpaka atadutsa zaka 40. Ligi ikamatha, funso lidali lomwelo m'maminibasi a ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri, pa wayilesi ndi pa masamba a masewero: kodi Fischer asiya liti? Timu ikagonja, ena ankati akutsekera achinyamata malo. Ikapambana iye atathamanga mphindi zonse 90, omwewo ankakumbukira kuti galu wamkota sakandira pachabe.

Ine ndinkaona kuti mtsutsowu unkazungulira pa nambala ya zaka, osati pa zimene munthuyo ankachita m'bwalo. Mbiri ya mpira wa mu Africa imatichenjeza pamenepa. Roger Milla wa ku Cameroon adali atapuma kale ku timu ya dziko lake pamene adaitanidwanso, ndipo mu 1990, ali ndi zaka 38, adamwetsa zigoli zinayi pa World Cup ku Italy. Mu 1994 adamwetsanso ali ndi zaka 42. Akadamvera owerengera zaka, dziko silikadaona zimenezo.

Sindikunena kuti atolankhani azileka kudzudzula. Wosewera akayamba kufika mochedwa pa mpira, n'koyenera kulemba, pakuti ochemerera amalipira pa chipata. Koma nkhani imakhala yoperewera ikangoti asiye, osafunsa kuti akasiya adya chiyani. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Wosewera amene akukakamira chaka china nthawi zambiri amakhala akuwerengera lendi ya nyumba ku Ndirande, fizi ya ana ndi mankhwala a bondo limene lidavulala akutumikira timu. Mafunso amene ndinkayembekeza kuwaona pa tsamba ndi awa: mgwirizano wake ndi timu ukuti chiyani pa tsiku losiya? Pali ndalama yopumira? Bungwe la FAM ndi la SULOM akonza zotani kuti wosewera aphunzire uphunzitsi wa mpira kapena ntchito ina asadatope?

Amene adapeza njira alipo. Kinnah Phiri adatsogolera Flames ku mpikisano wa AFCON wa 2010 ku Angola, kumene tidagonjetsa Algeria 3-0. Young Chimodzi ndi Ernest Mtawali adaphunzitsaponso timu ya dziko, ndipo Peter Mponda adalowa uphunzitsi. Jack Chamangwana, amene adasewera mu Wanderers ndi Kaizer Chiefs, adatumikira mpira mpaka imfa yake mu 2018. Koma awa ndi mayina ochepa pakati pa mazana a anyamata amene adatisangalatsa pa bwalo la Kamuzu ndi pa BAT. Ambiri timadzawaonanso m'nyuzi akadwala kapena akamwalira, chithunzi chakale chili pamwamba, mawu oyamikira ali pansi.

Pempho langa kwa alembi anzanga ndi atolankhani ndi lakuti nkhani ya kusiya mpira tiziilemba wosewerayo adakali m'bwalo, tizimufunsa iye mwini, ndipo tikadzamutsatire patatha zaka zisanu. Wachinyamata amene lero akumenya mpira wachikulunga pa fumbi ku Bangwe ayenera kuwerenga mbali zonse ziwiri za ntchito imene akuilakalaka.