Kalasi ya Ubatizo ndi Nkhani ya Kamwana

Pamene a Misyoni ya Dutch anamanga ku Magwero m'caka ca 1899, anadza ndi mwambo umene unalinso kwa anzao a ku Scotland ku Livingstonia, wakuti munthu asabatizidwe msanga. Wofuna ubatizo anayamba wakhala m'kalasi zaka zingapo, naphunzira katekisma, naleka mowa ndi mitala. Ndipo wosunga buku la maina kumudzi anali mphunzitsi. Mpingo wobadwa m'nchito imeneyo ndiwo uli ndi sukulu ya abusa ku Chamba Valley mu Lusaka, yodziwika ndi dzina la Justo Mwale, amene anadzozedwa ubusa mu 1929.

Tsono amisyoni aja sanaphunzitse kuti munthu apulumuka ndi nchito zace, iai. Katekisma wa Heidelberg, wa caka ca 1563, ali ndi magawo atatu: tsoka la munthu, ciombolo cace, ndi kuyamika kwace, ndipo Malamulo Khumi afotokozedwa m'gawo lacitatulo. Ndiko kunena kuti kumvera ndi cipatso ca munthu wopulumutsidwa kale mwa cikhulupiriro, si mtengo wogulira cipulumutso. Koma nkhalamba ya kumudzi, yosadziwa kuwerenga, imene inabwezedwa kawiri katatu pa mayeso, inaona zina. Kwa iyo khomo la Mulungu linaoneka ngati lotsekedwa ndi buku la mphunzitsi, ndipo nkobvuta kuitsutsa.

Amene anaona bala limeneli ndi Elliot Kamwana, Mtonga wophunzira ku Bandawe ndi ku Livingstonia. Atakomana ndi Joseph Booth ku Cape Town, anabwerera kwao cakumapeto kwa 1908 ndi ciphunzitso ca Watch Tower, nabatiza anthu m'madzi osawadikiritsa kalasi. Pa miyezi yowerengeka anabatiza anthu oposa 9,000. Analalikanso kuti maufumu a dziko adzatha mu 1914. Boma linamgwira mu 1909 nilimcotsa pakati pa anthu ace, ndipo analoledwa kubwerera kwao mu 1937. Unyinji wothamangira kumadzi uja unaonetsa kuti anthu anali ndi njala ya kulandiridwa, imene kalasi inacedwa kuikhutitsa.

Komabe amene anaopa ubatizo wopanda ciphunzitso anali naco cifukwa. Mu 1925 Tomo Nyirenda, nayenso wophunzira ku Livingstonia, anafika pakati pa Alala ku dera la Mkushi nadzipatsa dzina lakuti Mwana Lesa. Pa dzanja lace ubatizo unasanduka mwabvi: wosamira bwino m'madzi anayesedwa mfiti, ndipo ambiri anaphedwa, kuno ndi ku Katanga komwe. Nyirenda anapacikidwa ku Broken Hill mu 1926, pamodzi ndi mfumu Shaiwila imene inamthandiza.