Makompyuta Owerenga Zithunzi za X-ray: Ubwino ndi Zoopsa Zake Polimbana ndi TB

Dziko la Zambia lili pakati pa maiko 30 amene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organisation limati ali ndi vuto lalikulu la cifuwa ca TB. Njira imodzi yofufuzira matendawa ndiyo kujambula cifuwa ndi makina a X-ray, koma madotolo odziwa kuwerenga zithunzizi ndi ocepa, makamaka kumidzi. Apa ndi pamene luso la makompyuta lochedwa artificial intelligence, kapena AI mwacidule, layamba kuthandiza.

Kompyuta imaonetsedwa zithunzi zambirimbiri za mapapo, ena odwala ndi ena abwino, kufikira itaphunzira kusiyanitsa. Ikapatsidwa cithunzi catsopano, imapereka nambala kucokera pa 0 kufika pa 100 m'kamphindi kocepa. Nambala ikakhala yaikulu, ndiye kuti munthuyo akuganiziridwa kuti ali ndi TB.

Imodzi mwa mapulogalamu otere ndi CAD4TB, yopangidwa m'dziko la Netherlands. Akatswiri a bungwe la ZAMBART anaiyesa pa odwala mu mzinda wa Lusaka, ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa m'caka ca 2014. Anapeza kuti pulogalamuyo inali kuzindikira bwino anthu amene analidi ndi TB, koma inali kulozanso anthu ambiri amene analibe matendawa. Kucokera nthawiyo mapulogalamuwa akhala akukonzedwa, ndipo m'caka ca 2021 bungwe la WHO linavomereza kuti azigwiritsidwa nchito pofufuza TB mwa anthu a zaka 15 ndi kuposerapo.

Ubwino wake ndi wakuti anthu ambiri angathe kupimidwa tsiku limodzi, ngakhale kumalo kumene kulibe dotolo wa X-ray. Wodwala akadziwika msanga amayamba kumwa mankhwala msanga, ndipo saapatsira a m'banja lake matendawa kwa nthawi yaitali.

Komabe zoopsa zilipo. Munthu amene anadwalapo TB ndi kucira amatsala ndi zipsera m'mapapo, ndipo kompyuta ingathe kuziona ngati matenda atsopano. Anthu ena amene ali ndi kacilombo ka HIV amakhala ndi TB pamene cithunzi cao cikuoneka bwino, motero angauzidwe kuti alibe vuto. Ndiponso wogwira nchito za umoyo akadalira kwambiri kompyuta, angaleke kumvetsera zimene wodwala akudandaula. Nkhani ina ndi ya cinsinsi, popeza zithunzi zimasungidwa m'makompyuta. Muno mu Zambia, lamulo la Data Protection Act la caka ca 2021 limateteza mbiri ya umoyo wa munthu kuti isaululidwe mwacisawawa.

Pa cifukwa ici, nambala yocokera ku kompyuta siimatsimikiza kuti munthu ali ndi TB. Woganiziridwa amayenera kupereka makhololo kuti apimidwe ndi makina monga GeneXpert, ndipo amene amagamula za mankhwala ndi dotolo kapena wogwira nchito za umoyo.

Aliyense amene akutsokomola kwa masiku ambiri, kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi kapena kuonda, apite ku cipatala msanga. Ngati zizindikirozi zikupitirira ngakhale X-ray yaonetsa kuti zonse zili bwino, abwererenso kukapimitsa. TB imacira, nthawi zambiri ndi mankhwala a miyezi 6, ndipo m'zipatala za boma mankhwalawa ndi aulere.