Wakhala kuseri kwa kauntalayo ndi "inu"

Abale anga a m'chigwa cha Shire, mukatsetsereka pa Thabwa n'kuwoloka mlatho wa Kamuzu, yang'anani tinyumba ta Airtel Money ndi TNM Mpamba tomwe tandanda kuyambira pa Dyeratu, kudzera pa Nchalo, Ngabu ndi Bangula mpaka ku Nsanje. Ambiri mwa okhala m'tinyumbato, komanso m'mabanki ndi m'malo ogona alendo a ku Majete ndi Lengwe, ndi ana athu aakazi. Khasu lawo ndi pakamwa. Amaswera pansi pa malata m'chitungu cha Okutobala, kuyankha munthu uyu, kupepesa uyo, kutonthoza wina amene ndalama zake zasochera. Chondiwawa n'chakuti Chichewa cha pa mazenera amenewa chikusukuluka, ndipo tikuchisukulutsa tonse, olandira ndi olandiridwa omwe.

Ndiyambe ndi inu, ana anga. Sindikudziwa amene anakuphunzitsani kunena kuti "Mwalandiridwa", ngati kuti munthuyo ndi katundu wofika pa basi. Kwathu kuno wolandira sabisala. Timati "Takulandirani," kapena "Fikani, mayi." Mukatha kumuthandiza musamuuze kuti "Khalani ndi tsiku labwino," chifukwa Mchewa, Mmang'anja kapena Msena sakhala ndi tsiku. Wochoka timamuuza kuti "Muyende bwino," "Mukafike bwino," ndipo ngati ndi wodziwana naye timawonjeza kuti "Mukapereke moni kunyumba." Makina akavuta musanene kuti "netiweki ili pansi", gogo wochokera ku Makhanga adzayang'anadi pansi. Nenani kuti "Pepani, netiweki yavuta, tadikirani pang'ono." Pepani, osati pepa. Kaphatikizo kamodziko ndi kamene kamasiyanitsa mwana woleredwa ndi mwana wongokula.

Nanga mneni uyu wakuti "kupanga", anatilodza ndani naye? Tikupanga ndalama, tikupanga foni, tikupanga dandaulo. Ndalama timatapa, timaika, timatumiza, timasungitsa, timabweza. Foni timaimba. Dandaulo timapereka kapena kutula. Sindikukana mawu obwereka: ejenti, fuloti, mayunitsi ndi akaunti anakhazikika, ndipo ndi athu tsopano. Koma kubwereka chomwe uli nacho kale m'nkhokwe ndi ulesi. Olemba zikwangwani nawo akumbuke kuti m'tsinde la mawu r amatsatira i ndi e: "Takulandirani", "Lipirani apa", "Dikirani". Zija za "Takulandilani" zichoke pa makoma.

Mlandu waukulu uli kwa ife amene timaima kunja kwa zenera. Tsiku la malipiro pa Nchalo, mzere ukatalika, mumamva bambo wamkulu ndi ndevu zake akukuwa kuti "Iwe, tapanga changu!" Akanakhala mwamuna mnzake kuseriko, akanati "Achimwene, tatithandizani." Kwa mkazi ulemu wauma. Ena amachita kumuchepetsa ndi ka-: "kamtsikana ka pabanki", "kamayi ka Mpamba". Ameneyo ndi munthu wosunga ndalama za anthu, amene akalakwitsa nambala imodzi amalipira za m'thumba mwake. Ndi "mayi", ndi "achemwali", ndi "inu". Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata, ndipo zenera lomwelo mudzalifunanso mawa.

Palinso funso lina lopweteka mwakachetechete. Munthu afika mu ofesi, apeza mayi atakhala pa mpando wa mkulu wa nthambi, n'kufunsa kuti "Abwana alipo?" Mayiyo akati "Ndine," iye amati "Ayi, ndikufuna abwana enieni." Chichewa chathu sichinagawe maudindo potengera chitenje kapena buluku. Mkulu, mtsogoleri, wapampando, mfumu, nduna: onsewa ndi mawu osasankha. Kuphatikiza "wamkazi" paliponse, mwachitsanzo "bwana wamkazi", kumamveka ngati tikudabwa. Kudabwa chiyani m'chigwa muno? Ku Khulubvi, ku kachisi wa Mbona, udindo wa Salima ndi wa mkazi chiyambire makolo. Mayi Esther Mcheka Chilenje a ku Nsanje anasankhidwa mu 2014 kukhala wachiwiri woyamba kwa Sipikala wa Nyumba ya Malamulo. Mayi Abida Mia a ku Chikwawa Nkombezi anakhala nduna ya za madzi mu 2022. Palibe anafunsa kuti nduna yeniyeni ili kuti.

Mawu osasamala amabisanso zoipa. Kasitomala akamagwira mwana wathu dzanja polandira ndalama, akamamuimbira usiku pa nambala ya ntchito, kapena woyang'anira akamamuuza kuti kukwezedwa kumayamba ndi kukumana kuseri, timati "amangocheza", "amangomusereula". Kucheza kumakoma mbali zonse ziwiri. Izi ndi nkhanza, ndipo lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaziika m'gulu la milandu. Chimodzimodzi tchuthi cha uchembere. Ndimamva ena akuti "abwana amuchitira chifundo, amupatsa mpata akachire." Si chifundo chimenecho. Lamulo la za ntchito la 2000 limapatsa mayi masabata asanu ndi atatu ndi malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu. Tikautcha ufulu kuti chifundo, mwini wake amaupempha chogwada.

Ndisaiwale kuwayamikira ana athu a pa mazenerawa. Namondwe Freddy atasesa chigwa mu Malichi 2023, monga anachitira namondwe Ana mu Januwale 2022, anthu ambiri thandizo la abale a ku Blantyre ndi ku Joni linkawafikira pa foni, ndipo ankalitapa pa mazenera omwewa. Amene ankawerenga ndalamazo nawonso anali atataya mbewu ndi nyumba, koma ankayankhabe mofatsa. Ambiri a iwo amasintha chiyankhulo malinga ndi amene waima patsogolo pawo: Chisena kwa agogo a ku Marka, Chimang'anja kwa a kwa Lundu, Chingerezi kwa mlendo wopita ku Majete. Kumeneko si kuwononga Chichewa. Wonena "takhuta" kwa Msena walemekeza chiyankhulo cha mwini wake chathunthu. Chomwe ndikukana ndi chija chopanda mwini, chomasuliridwa ku likulu la kampani n'kutumizidwa kuno kuti ana athu achiloweze. Makampani akamakonza maphunziro a olandira anthu, ayambe afunsa amayi a pa Ngabu ndi Bangula kuti mlendo amalonjeredwa bwanji, kenako alembe.