Revel: chisangalalo chogalukira

Mngelezi akati revel kapena revelry amanena chisangalalo chaphokoso: kuvina, kuimba ndi kumwa mpaka tambala kulira. Chondikoka mtima ndi gwero lake. Mawuwa anadzera m'Chifalansa chakale kuchokera ku Chilatini rebellare, kuukira, komwenso kunachokera rebel. Ndiye kuti wosangalala motere amakhala ngati wagalukira malamulo a masiku onse. Mpake kuti ku England m'zaka za m'ma 1500 kunali mkulu wotchedwa Master of the Revels, woyang'anira zisangalalo zakunyumba yachifumu, yemwe pambuyo pake ankaunikanso masewero asanaonetsedwe.

Merrymaking ndi mawu ofatsirapo, oyenera phwando la pachibale. Carouse ndi a mowa basi: anachokera ku Chijeremani gar aus, kugugudiza chikho osasiyamo dontho.