Pituitary: kachiwalo ka pansi pa ubongo kolamulira kukula, msambo ndi mkaka

Pansi pa ubongo, kuseri kwa mphuno, kuli kachiwalo kofanana ndi kambewu ka nandolo, kolemera pafupifupi theka la galamu. Madokotala amakatcha pituitary, ndipo m'Chipwitikizi ndi hipófise. Mbali yake yakutsogolo imapanga mahomoni 6, omwe ndi timadzi toyenda m'magazi touza ziwalo zina zoti zichite. Mbaliyi imamvera chigawo cha ubongo chotchedwa hypothalamus.

GH imakulitsa mafupa ndi minofu. Ikachepa, mwana amapinimbira. TSH imalamulira chithokomiro cha pakhosi. ACTH imauza tiziwalo ta pamwamba pa impso kuti tipange cortisol, imene imathandiza thupi kupirira matenda ndi njala. FSH ndi LH zimakhwimitsa mazira a mayi, kuyendetsa msambo ndi kuthandiza abambo kupanga umuna. Prolactin ndiyo imabweretsa mkaka wa m'mawere, ndipo imachuluka mwana akamayamwa pafupipafupi.

Kutupa kwa chithokomiro, kodziwika m'midzi ya Niassa, kumakhudzana ndi kachiwaloka. Ayodini akasowa m'zakudya, TSH imachuluka ndipo chithokomiro chimakula. Chinangwa chowawa chosaviikidwa mokwanira chimawonjezera vutoli. Mchere wa ayodini, wolembedwa kuti sal iodado pa paketi, umateteza.

Ngozi ina imagwera amayi. Mayi akakhala woyembekezera kachiwaloka kamakula, ndipo akataya magazi ambiri pobereka kangathe kufa chifukwa chosowa magazi. Dokotala wa ku Britain, Harold Sheehan, adafotokoza matendawa mu 1937. Mkaka sutuluka, msambo subwerera, tsitsi la m'khwapa limathothoka, ndipo mayi amafooka mpaka kulephera khasu. Zizindikiro zina zimaoneka patapita zaka, moti achibale amaganiza za ufiti kapena ulesi. Mankhwala olowa m'malo mwa mahomoni osowawo alipo.

Chotupa cha pa kachiwaloka chingachititse mkaka kutuluka popanda mwana, kusabereka, mutu wosatha ndi kusaona zinthu za m'mbali.

Woona zizindikirozi ku Mandimba, Ngauma kapena Cuamba ayambire ku chipatala chapafupi, komwe angamutumize ku chipatala chachikulu cha ku Cuamba kapena ku Hospital Provincial de Lichinga. Amayi okhala kutali ndi chipatala akadikirire ku nyumba ya chidikiro masiku akayandikira, popeza azamba ali ndi mankhwala oletsa kutaya magazi.