Chitetezo cha Imelo M'nthambi Zogulitsa Malonda ndi Kusamala Mbiri ya Makasitomala

Mwa nthambi zonse za kampani, nthambi yogulitsa malonda ndiyo imalandira makalata ambiri a pa intaneti kuchokera kwa anthu achilendo, ndipo ndi yomwenso imasunga mbiri ya makasitomala monga mayina, manambala a foni, makeyala, mitengo yomwe anagwirizana komanso manambala a akaunti za kubanki. Chifukwa cha ichi, mbava zomwe zimaba kudzera pa makina a kompyuta zimakonda kulowera ku nthambi imeneyi.

Wogwira ntchito ku nthambi ina akhoza kulangizidwa kuti asamatsegule imelo yochokera kwa munthu yemwe sakumudziwa, koma wogulitsa malonda sangatsate langizo lotere chifukwa kalata ya mlendoyo ndiyo imabweretsa bizinesi. Choncho chitetezo cha nthambiyi chimadalira ndondomeko zotsimikizira mwini kalata asanatumiziridwe ndalama kapena zikalata.

Gwero la vutoli

Ndondomeko yomwe makompyuta amatsata potumizirana imelo, yotchedwa SMTP, inakhazikitsidwa m'chaka cha 1982, pa nthawi yomwe ogwiritsa ntchito makinawa anali ochepa, makamaka a m'sukulu zaukachenjede ndi m'mabungwe ofufuzafufuza, omwe ankakhulupirirana. Ndondomekoyi payokha siifufuza ngati dzina lomwe lalembedwa pa malo a wotumiza ndi loona. Zili ngati envelopu ya ku positi ofesi, yomwe aliyense akhoza kulembapo kumbuyo kwake keyala ya munthu wina, kalatayo n'kufika bwinobwino.

Njira zomwe akathyali amagwiritsa ntchito

Njira yoyamba ndi yomwe imadziwika kuti phishing. Wogulitsa malonda amalandira imelo yooneka ngati yachokera kwa kasitomala yemwe akufuna mitengo ya katundu, ndipo amauzidwa kuti adinde pena pake kuti aone mndandanda wa katunduyo. Akadinda, pamatseguka tsamba labodza lomupempha kuti alembe nambala yake yachinsinsi, yomwe imapita kwa mbavazo.

Njira yachiwiri ndi yolembetsa keyala ya imelo yofanana kwambiri ndi ya kampani yeniyeni, posintha chilembo chimodzi chokha, mwachitsanzo kuika nambala 1 pamalo pa chilembo l. Munthu wotanganidwa, makamaka yemwe akuwerengera pa foni ya m'manja, sazindikira kusiyanako.

Njira yachitatu, yomwe ndi yoopsa koposa, ndi yolanda imelo yeniyeni ya wogwira ntchito. Mbavazo zikalowa sizichita phuma. Zimawerenga makalata mwakachetechete kwa masabata angapo, n'kuphunzira kalembedwe ka mwini wake, mayina a makasitomala ndi masiku olipira. Nthawi yotumiza invoisi ikakwana, zimalembera kasitomala kuti kampani yasintha banki ndipo ndalama zitumizidwe ku akaunti yatsopano. Popeza kalatayo imachokera pa keyala yoona, kasitomala sakayika kanthu.

Nthambi ya apolisi ofufuza milandu ya dziko la United States ya FBI imatcha chinyengo chotere kuti Business Email Compromise. Malinga ndi lipoti lake, m'chaka cha 2023 nthambiyi inalandira madandaulo 21,489 a mtundu umenewu, ndipo ndalama zomwe zinatayika zinakwana pafupifupi 2.9 biliyoni dolazi.

Mlandu wa Google ndi Facebook

Pakati pa zaka za 2013 ndi 2015, mzika ya dziko la Lithuania, Evaldas Rimasauskas, inabera makampani a Google ndi Facebook ndalama zoposa 100 miliyoni dolazi. Makampani awiriwa ankagula zipangizo za kompyuta ku kampani ya ku Taiwan ya Quanta Computer. Rimasauskas analembetsa m'dziko la Latvia kampani ya dzina lomwelo, natsegula maakaunti a kubanki ku Latvia ndi ku Cyprus, kenako ogwira ntchito a makampani awiri aja anayamba kulandira maimelo ndi mainvoisi abodza ooneka ngati achokera kwa ogulitsa a Quanta. Ndalama zinalipidwa ndipo zinamwazidwa m'mabanki a m'mayiko osiyanasiyana.

Iye anamangidwa ku Lithuania mu 2017 ndi kutumizidwa ku United States, komwe anavomera mlandu mu March 2019, ndipo mu December chaka chomwecho bwalo la milandu la ku New York linamugamula kukakhala kundende zaka zisanu. Chida chachikulu pa mlanduwu chinali dzina la wogulitsa yemwe ogula anali atamuzolowera, ndipo ngakhale makampani omwe ali ndi akatswiri odziwa bwino za makompyuta anakodwa mumsamphawu.

Mbiri ya makasitomala ikabedwa

Kupatula ndalama, mbava zimafunanso mbiri ya anthu. Kumapeto kwa chaka cha 2013, kampani ya masitolo ya Target ya ku United States inaberedwa manambala a makadi a kubanki pafupifupi 40 miliyoni komanso mbiri ya makasitomala ofika 70 miliyoni. Mbavazo zinalowa pogwiritsa ntchito nambala zachinsinsi zomwe zinaba ku kampani yaing'ono yomwe inkagwira ntchito yokonza makina oziziritsa m'masitolomo, ndipo malipoti anasonyeza kuti kampani yaing'onoyo inakodwa ndi imelo yachinyengo. Mkulu wa Target anatula pansi udindo mu 2014, ndipo mu 2017 kampaniyi inavomera kulipira 18.5 miliyoni dolazi ku maboma a zigawo 47 za dzikolo pamodzi ndi mzinda wa Washington.

Ngakhale mndandanda wa mayina ndi makeyala a imelo wokha ndi chuma kwa akathyali, chifukwa umawathandiza kulembera anthu makalata abodza m'dzina la kampani yomwe anthuwo amaikhulupirira kale.

Njira zodzitetezera

Choyamba, imelo ya wogwira ntchito aliyense izitsegulidwa ndi maloko awiri: nambala yachinsinsi, kuonjezera apo chitsimikizo china chochokera pa foni kapena pa kachipangizo kapadera. Motero, mbava yomwe yaba nambala yachinsinsi yokha imalephera kulowa.

Chachiwiri, akatswiri a makompyuta a pa kampani akhazikitse ndondomeko zitatu zotchedwa SPF, DKIM ndi DMARC. SPF imalengeza makina omwe ali ndi chilolezo chotumiza imelo m'dzina la kampani, DKIM imaika chidindo chosonyeza kuti kalata sinasinthidwe panjira, pomwe DMARC, yomwe inayamba mu 2012, imauza makina olandira chochita ndi kalata yomwe yalephera mayeso awiriwo. Kuyambira mu February 2024, Google ndi Yahoo anayamba kulamula otumiza maimelo ochuluka kuti azitsata ndondomekozi. Komabe, ndondomekozi sizigwira mbava yomwe yalembetsa keyala yofanana kapena yomwe yalanda imelo yeniyeni.

N'chifukwa chake njira yachitatu ili yofunika kuposa zonse: uthenga uliwonse wosintha akaunti ya kubanki uzitsimikizidwa poimba foni pa nambala yomwe ili kale m'mafayilo, osati yomwe yalembedwa m'kalatayo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kampani iziuziratu makasitomala ake kuti siidzasintha akaunti kudzera pa imelo yokha. Kalata yofulumizitsa munthu kulipira tsiku lomwelo kapena yomuuza kuti asauze wina aliyense iyenera kukayikiridwa.

Chachinayi, mbiri ya makasitomala isamasungidwe m'bokosi la imelo. Ziphaso, manambala a akaunti ndi mapangano zizisungidwa pa malo otetezedwa omwe amafikako ndi okhawo oyenera. Ogwira ntchito asamatumize zikalata za kampani ku maimelo awo a kunyumba, ndipo polembera makasitomala ambiri nthawi imodzi azibisa makeyala awo pogwiritsa ntchito malo olembedwa Bcc. Wogwira ntchito akasiya kapena kusamutsidwa, imelo yake izitsekedwa tsiku lomwelo.

Chachisanu, yemwe wazindikira kuti wadinda pa malo okayikitsa azinena msanga mopanda mantha. Ngati ndalama zatumizidwa kale, banki iuzidwe nthawi yomweyo, chifukwa mwayi woziimitsa umachepa pa ola lililonse lomwe ladutsa.

Zomwe malamulo akunena

M'mayiko a mu bungwe la European Union, lamulo la GDPR lomwe linayamba kugwira ntchito pa 25 May 2018 limalamula kampani kudziwitsa akuluakulu oyang'anira pasanathe maola 72 ikazindikira kuti mbiri ya anthu yabedwa. Chindapusa chachikulu chimafika 20 miliyoni yuro kapena 4 peresenti ya ndalama zonse zomwe kampani imapeza pa chaka. Lamuloli limakhudzanso makampani a kunja omwe amagulitsa malonda kwa anthu okhala m'mayikowo.

Kuno ku Malawi, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'makina a kompyuta a wina popanda chilolezo, pomwe lamulo la Data Protection Act la 2024 limapereka udindo wosamala mbiri ya anthu kwa aliyense woisonkhanitsa, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa mphamvu yoyang'anira ntchitoyi.

Nkhaniyi ikukhudzanso ogwira ntchito m'boma, makamaka a m'maofesi ogula katundu ndi owerengera ndalama m'maunduna ndi m'makhonsolo, chifukwa iwo ndiwo amalandira mainvoisi kuchokera kwa ogulitsa malonda. Imelo ya wogulitsa ikalandidwa, ndalama zomwe zingapite kwa mbava ndi za misonkho ya anthu, ndipo wogulitsa weniweni amakhala akudikirabe malipiro ake. Pa chifukwa ichi, ofesi iliyonse yolipira ikuyenera kukhala ndi lamulo lolembedwa loti akaunti ya wogulitsa isasinthidwe pokhapokha maofisala awiri atatsimikiza ndi kusayinira.